Mafuta Amodzi Sakwanira Makungu Onse

Ife a kunyanja timayamba kulidziwa khungu lathu tikakwera kumapiri. Tikanyamuka ku Salima m'mamawa wa mwezi wa Julaye, madengu a usipa ali pamwamba pa galimoto, timachoka thupi lili see, chinyezi cha nyanja chikadali pa ife. Koma tikangodutsa pa Mvera n'kuyamba kukhotakhota m'zitunda za Dowa, mphepo imasintha. Dzuwa likamalowa tili pamsika wa Mponela, miyendo imakhala itatuwa kuti mbuu ngati tagona paphulusa, milomo itauma gwaa, ndipo pakatha masiku atatu zidendene zimayamba kung'aluka. Amene adagonako kwa achibale m'mphepete mwa phiri la Ntchisi m'nyengo imeneyi sangaiwale madzi a wudhu wa Fajr, momwe amalasira ngati singano akalowa m'ming'alu ya zala.

Eni mudzi satidabwa. Amangotambasula dzanja n'kutipatsa botolo la Vaseline kapena la glycerine, pomwe agogo akutikumbutsa kuti kale ankayenga mafuta a nsatsi pofuna kuthana ndi vuto lomweli. Nawonso akatsikira ku Nkhotakota mu Okutobala n'kudzola mafuta olemera amene adazolowera kwawo, sipatenga nthawi msana wonse uli tiziphuphu ta thukuta. Munthu ndi yemweyo, khungu ndi lomwelo, koma kumapiri likufuna china, kunyanja likufunanso china. Ngati khungu limodzi limasintha zofuna zake paulendo wa maola ochepa, nanga bwanji makungu a anthu amene makolo awo adakhala zaka zikwizikwi m'maiko a dzuwa losiyana?

Apa ndipo pagona funso lathu. Ngati makungu amasiyana pa zimene amafuna, kodi ndiye kuti amasiyananso pa ulemu umene ayenera kulandira? Nanga ngati ulemu wake ndi umodzi, kodi chilungamo ndi kuwasamalira onse mofanana? Mafunso awiriwa amaoneka ngati a m'kalasi, koma mayankho ake timawapereka tsiku ndi tsiku m'makomo mwathu: pamene tikuyang'ana khanda longobadwa kumene, pamene tikuyamikira mkwatibwi, ndi pamene tikugawira ana ntchito za kumunda.

Tiyambe ndi khungu lenilenilo. Mtundu wake umachokera ku utoto wachilengedwe wotchedwa melanin, umene umapangidwa ndi timaselo tapadera m'kati mwa khungu. Chodabwitsa n'chakuti chiwerengero cha timaselo timeneti n'chofanana ndithu mwa anthu a mitundu yonse, kaya ndi Mchewa wa ku Ntchisi, Myao wa ku Mangochi, Mmwenye wa ku Limbe kapena Mzungu wa ku Norway. Kusiyana kuli pa kuchuluka ndi mtundu wa utoto umene timaseloto timatulutsa. Mu 2000 akatswiri awiri, Nina Jablonski ndi George Chaplin, adayerekeza mitundu ya makungu a eni nthaka m'maiko osiyanasiyana ndi mphamvu ya cheza cha dzuwa m'maderawo, ndipo adapeza kuti ziwirizi zimayendera limodzi. Kumene dzuwa limaswa mtengo chaka chonse, khungu lakuda limatchinjiriza thupi. Kumene dzuwa limasowa miyezi yambiri, khungu loyera limalola cheza chochepacho kulowa kuti thupi lipange vitamini D, amene amalimbitsa mafupa. Tinganene kuti khungu ndi denga limene lidafoleredwa molingana ndi nyengo ya kumudzi kwa makolo. Denga la kunyanja ndi la kumapiri zikhoza kusiyana kafoleredwe, koma sitidamvepo wina akunena kuti eni nyumba imodzi ndi anthu kuposa eni nyumba inayo.

Amene akufuna kuona zimenezi ndi maso safunika ulendo wa pandege. Pa Dzaleka, pafupi ndi boma la Dowa, pali msasa wa anthu othawa kwawo umene udatsegulidwa mu 1994 pamalo pamene kale padali ndende ya akaidi a ndale. Lero pamakhala anthu oposa 50,000 ochokera ku Congo, Burundi, Rwanda, Somalia, Ethiopia ndi maiko ena. Ukaima pamsika wa pamenepo, uona nkhope zakuda bii, zofiirira, zoderako ndi zowala, ndipo onsewo ndi ana a Africa. Kafukufuku amene gulu la Sarah Tishkoff lidafalitsa mu 2017, litayeza makungu a anthu ku Ethiopia, Tanzania ndi Botswana, adaonetsa kukula kwa kusiyana kumeneku mkati mwa Africa momwemo. Mawu oti "munthu wakuda" ndi dengu limodzi limene tathiramo mbewu zamitundumitundu.

Ndipo tisafulumire kuganiza kuti dzina la mtundu wa munthu lingatiuze zonse za khungu lake. M'nyumba imodzi ya Chiyao mumabadwa mwana wofiirira ndi mnzake wakuda, bambo mmodzi mayi mmodzi. Chibadwa chili ndi gawo lake, koma nyengo, msinkhu ndi ntchito nazonso zili ndi gawo. Manja a mlimi wa fodya wa ku Madisi ndi manja a msodzi wa ku Senga Bay amavutika mosiyana ngakhale eni ake atakhala pachibale. Wanzeru amayang'ana khungu limene lili pamaso pake.

Khungu lakuda, limene ambiri a ife tidapatsidwa, lili ndi mwayi wake. Silipsa msanga ndi dzuwa, silichita makwinya msanga, ndipo khansa yoyamba ndi dzuwa siyichuluka mwa ife ngati mwa Azungu. Lilinso ndi zofooka zake. Chiphuphu kapena bala likapola, pamatsala banga lakuda limene limatha miyezi lisanazimirire. N'chifukwa chake kufinya ziphuphu kumatiwononga kuposa mmene timaganizira. Ena mwa ife akaboola khutu kapena akatemedwa mphini, chipsera chimakula n'kutupa kupitirira bala lenilenilo. Amuna a ndevu zopotana akameta mopalira, tsitsi limabwerera m'khungu n'kuyambitsa timatuza pakhosi. Ndipo abale athu amene adasamukira ku Leicester kapena ku Dublin amapeza kuti denga limene linkawateteza kwathu kuno likutchinga kadzuwa kochepa ka kumeneko. N'chifukwa chake a zaumoyo ku Britain amalangiza anthu a khungu lakuda, ndi amene amavala zophimba thupi lonse akamatuluka, kuti aganizire zomwa vitamini D chaka chonse.

Matenda nawo amabisala mosiyana. Mabuku ambiri a udokotala adalembedwa ndi zithunzi za makungu oyera, ndipo amaphunzitsa kuti pamene patupa pamafiira. Pakhungu lathu malo otero amaoneka odera kapena otuwa, ndipo zidzolo za chikuku mayi amayamba kuzimva ndi dzanja asanazione bwino. Kuchepa kwa magazi timakuona m'zikhato ndi m'kati mwa chikope. Ngakhale muyezo wotchuka wa mitundu ya makungu, umene dokotala Thomas Fitzpatrick adakonza mu 1975, udayamba ndi makungu oyera okha. Akuda adawonjezedwa pambuyo pake. Mu 2020 Malone Mukwende, mnyamata wobadwira ku Zimbabwe amene ankaphunzira udokotala ku London, adatulutsa pamodzi ndi aphunzitsi ake kabuku koonetsa zizindikiro za matenda pakhungu lakuda, chifukwa adaona kuti akuphunzitsidwa kuchiza anthu osafanana ndi abale ake. Nkhaniyi ikutiphunzitsa kuti kusalabadira kusiyana kwa makungu kukhoza kuika moyo wa wodwala pachiswe.

Tsono kusiyana kumeneku anthufe timakulakwira m'njira ziwiri. Kulakwa koyamba ndi kusandutsa kusiyana kukhala makwerero, woyera pamwamba, wakuda pansi. Makwerero amenewa ali ndi mbiri. M'nthawi ya atsamunda, sukulu ndi zipatala za Nyasaland zidagawidwa motsata khungu, Azungu patsogolo, eni dziko pambuyo. Ku South Africa, kumene agogo athu ankapita kukagwira ntchito m'migodi, lamulo la 1950 lidalemba munthu aliyense m'kaundula motsata mtundu wake. Komabe sitingaloze chala atsamunda okha. M'zaka za m'ma 1800, zombo za Jumbe zinkawolotsa anthu ogwidwa kuchokera pagombe lathu la Nkhotakota kupita nawo kumisika ya kum'mawa. Maganizo akuti thupi la munthu lili ndi mtengo adadutsa pamchenga wathu womwe uno, ndipo ndi bwino kuvomereza.

Zombo zidapita, atsamunda adapita, koma makwerero adatsala m'kamwa mwathu. Ndife amene timauza mnyamata kuti wachita mwayi wapeza mkazi woyera. Ndife amene timafunsa, titanyamula khanda, ngati lidzade likamakula, mawu athu akumveka ngati tikuopa tsoka. Ndife amene timawalitsa nkhope pafoni tisanatumize chithunzi pa WhatsApp. Mtsikana amamva zonsezi kuyambira ali wamng'ono. Ndiye tsiku lina, nikah itayandikira, amagula kachubu pamsika, ife n'kuyamba kumunena ngati kuti nzeruyo waitola kuthengo.

M'machubu ndi m'mabotolo oyeretsa khungu mumapezeka kawirikawiri zinthu zitatu. Choyamba ndi mankhwala amphamvu a gulu la steroid, amene madokotala amapereka kwa masiku owerengeka pa matenda ena. Akadzoledwa miyezi, khungu limapyapyala, limachita mizere yosafufutika, zipere zimabuka, ndipo bala limachedwa kupola. Chachiwiri ndi hydroquinone, amene poyamba amayeretsa, koma akakhalitsa amabweretsa mawanga akuda kwambiri m'masaya, ovuta kuchiza. Madokotala a ku South Africa adalemba za vutoli mu 1975, ndipo dzikolo lidaletsa mankhwalawa m'mafuta odzola mu 1990. Chachitatu ndi mercury, chiphe chimene chimalowera pakhungu n'kukawononga impso ndi mitsempha, ndipo chimatha kufika kwa mwana ali m'mimba kapena ali kubere. Pangano la maiko la Minamata la 2013 lidaika malire pa chiphechi m'zodzola, ndipo dziko la Rwanda lidayamba kuchotsa mafuta otere m'masitolo mu 2018. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wodzola amachotsa denga limene linkamuteteza, kenako n'kukaima padzuwa la Salima.

Mlongo wathu amene wavulala kale ndi mafutawa sitiyenera kumuseka, pakuti bala lake tidathandiza kulitema ndi ife. Amafunika womuperekeza kuchipatala, chifukwa amene wadzola steroid nthawi yaitali khungu limatha kuvuta kwambiri akasiya mwadzidzidzi popanda uphungu.

Kulakwa kwachiwiri n'kobisika chifukwa kumavala mkanjo wa chilungamo. Ndi kuja konena kuti tonse ndife amodzi, n'kugwiritsa ntchito mawu okomawo ngati chifukwa chosaonera chosowa cha mnzathu. Tiyerekeze bambo wa ku Ntchisi amene ali ndi ana anayi, mmodzi mwa iwo wachialubino. Bamboyo akuti sasankha mwana, ndipo onse anayi amawatuma kukapalira mtedza mpaka dzuwa lili paliwombo, onse malaya a manja aafupi, onse opanda chipewa. Atatu abwerera atatopa. Wachinayi abwerera atapsa, ndipo zaka zikamapita, mabala a pakhosi ndi m'makutu amatha kusanduka khansa. Bamboyo wagawa ntchito mofanana, koma sadachite chilungamo.

Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'Malawi muli anthu achialubino 134,636. Khungu lawo limapanga melanin wochepa kwambiri kapena osapanga n'komwe. Mwana amabadwa chotero pamene bambo ndi mayi onse awiri ali ndi kambewu kameneka m'magazi mwawo, ngakhale iwo eni ali akuda. Choncho mwamuna wothawa mkazi wake pa chifukwa ichi akuthawa chimene iye mwini adabweretsa. Zimene mwana wotere amafuna n'zodziwika: chipewa chotambalala, zovala za manja aatali, mafuta oteteza ku dzuwa tsiku lililonse, mthunzi m'maola a masana, ndi kuonetsa msanga kuchipatala bala lililonse losapola. Popeza ambiri maso awo saona patali, malo awo kusukulu ndi kumadrasa ndi kutsogolo, pafupi ndi bolodi. Ndipo kuzizira kwa ku Dowa ndi ku Ntchisi kusatinamize: cheza cha dzuwa chimawonjezeka mphamvu pamene malo akwera, ndipo chimapyoza mitambo yopyapyala. Mwana akhoza kupsa uku akunjenjemera ndi chisanu.

Pa abale athu amenewa kulakwa kuwiri kuja kudakumana. Anthu amene amasirira khungu loyera m'machubu ndi omwewo amene amanyoza mwana woyera chibadwire ndi maina monga "napweri" ndi "mzungudala". Kuyambira cha m'ma 2014 dziko lathu lidachita manyazi pamaso pa maiko onse pamene achialubino ankabedwa, kuphedwa, ndi manda awo kufukulidwa, chifukwa cha bodza lakuti mafupa awo amalemeretsa. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo idakhwimitsa zilango, bungwe la APAM likupitiriza kuwalankhulira, ndipo pa 13 Juni chaka chilichonse dziko lapansi limawakumbukira. Mu 2021 anthu a kumpoto chakum'mawa kwa Nkhotakota adasankha Overstone Kondowe kukhala phungu wawo, woyamba wachialubino m'mbiri ya dziko lino. Gombe lomwe lija limene lidaonapo anthu akuikidwa mtengo lidaonetsa kuti likhoza kuyang'ana munthu n'kuona munthu. Komatu lamulo ndi voti sizimveka mwana chipewa m'mamawa. Ntchito imeneyo ndi ya pakhomo.

Wina angatifunse kuti kodi kulankhula za kusiyana kwa makungu si kutsegulira khomo tsankho lomwelo. Mantha amenewa ndi omveka, pakuti atsankho nawonso ankayeza zigaza ndi mphuno n'kumati akuchita sayansi. Koma kusiyana kwawo ndi ife kuli pa cholinga cha kuyezako. Watsankho amayang'ana khungu kuti adziwe chimene angamumane munthu. Namwino amaliyang'ana kuti adziwe chimene ayenera kumupatsa. Mayi amene amadziwa kuti mwana wake uyu amadwala akadya mtedza, winayu ayi, sitimunena kuti ndi wokondera. Timati amawadziwa ana ake.

Winanso angati: nanga kudzola mafuta kuti tisatuwe ndi kudzola kuti tiyere, si kudzikongoletsa konseko? Malire ake tingawapeze podzifunsa kuti mafutawo akutumikira yani. Kusamalira kumafunsa chimene khungu likusowa kuti ligwire bwino ntchito yake yoteteza thupi. Kuyeretsa kumafunsa chimene anthu akufuna kuona, ndipo kumalipira ndi thanzi la mwini khungu. Dokotala akalemba mankhwala amphamvu pa nthenda yeniyeni kwa nthawi yoikika, kumeneko ndi kuchiza. Vuto limayamba pamene kuda kwenikweniko tikukutenga ngati nthenda.

Chisilamu chathu sichidatisiye opanda chonena pa nkhaniyi. Mu Sura Ar-Rum, kusiyana kwa zilankhulo ndi mitundu ya makungu kwaikidwa pakati pa zizindikiro za Allah, m'ndime imodzi ndi kulengedwa kwa thambo ndi nthaka. Chizindikiro chimafuna kuwerengedwa. Wochifufuta ndi mafuta a m'chubu wachikana, ndipo wochinyalanyaza ponena kuti zonse n'zofanana sadachiwerenge. Tonse timadziwa kuti woyamba kuitanira Swala adali Bilal ibn Rabah, wa magazi a ku Abyssinia, amene adakhalapo kapolo, ndipo Mtumiki Muhammad (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye) adakana poyera kuti khungu lingakweze munthu pamwamba pa mnzake. Nkhanizi timazimva pa Jumu'ah n'kugwedeza mitu. Mayeso ake amabwera Loweruka, pamene mwana wathu wamwamuna watiuza za mtsikana amene akufuna kumanga naye banja, funso lathu loyamba n'kukhala la maonekedwe a khungu lake. Thupi ndi amanah, chinthu chosungitsidwa, ndipo wosungitsidwa mbuzi sayisamala ngati nkhuku. Amayamba wadziwa chimene wasungitsidwacho.

Choncho yankho lathu pa mafunso awiri aja ndi ili: ulemu ndi umodzi, chisamaliro n'chosiyana, ndipo kusiyana kwa chisamaliro kumachokera mu umodzi wa ulemuwo. Mwana wachialubino timamupatsa chipewa chimene abale ake sakuchifuna chifukwa moyo wake ndi wolemera mofanana ndi wawo. Mwana wakuda bii timamuuza kuti ndi wokongola asanamve zina pamsika chifukwa cha chifukwa chomwecho.

Madzulo a Julaye m'midzi ya m'munsi mwa nkhalango ya Ntchisi, ana akasamba amathamangira pamoto mano akugogoda, ndipo agogo amawaitana mmodzimmodzi. Uyu amamupaka mafuta ambiri m'zidendene chifukwa amayenda wopanda nsapato. Uyu amangomupaka pang'ono kumaso chifukwa ziphuphu zayamba. Wamng'ono uja, woyera tsitsi, amamuyang'ana m'makutu ndi kumbuyo kwa khosi ngati pali bala, kenako n'kupachika chipewa chake pamsomali wa pakhomo kuti m'mawa asachiiwale. Agogowo sadawerengepo za melanin, koma palibe mdzukulu amene amagona akuganiza kuti mnzake amakondedwa kuposa iye. Tikamatsika kubwerera kunyanja ndi madengu opanda kanthu, nzeru imeneyi ndiyo tiyenera kutsika nayo.